Matenti Awiri, Mimba Imodzi

1

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuzemba nyanja. Kwathu ku Komani ndi ulendo wa maola asanu okha kukafika kugombe, koma Disembala aliyense ndinkapeza chonamizira. Chaka china ndinati mwana ali ndi chifuwa, chaka china ndinati kuli manda a azakhali ofunika kukalambula, chaka chinanso ndinadzidwalitsa msana mpaka kugona pansi sabata yathunthu. Mwamuna wanga Mongezi ankangopukusa mutu n'kunena kuti anakwatira mphaka, poti madzi sindiwafuna.

Dzina langa ndine Nolitha, ndipo sindikulemba izi kuti mundimvere chisoni. Ine mwini ndimadzinyansa, ndiye musavutike. Panali chinthu chimene ndinkati tikuchidziwa anthu atatu okha: ine, mkulu wanga Thobeka, ndi malemu mayi athu. Ndinkadziwa kuti tsiku limene Mongezi adzachimve, banja langa lidzathera pomwepo. Ndinkadziwanso kuti kumtunda kuno chikhoza kubisika mpaka ndidzafe, koma osati pamaso pa nyanja.

Chaka chatha Mongezi anapuma ntchito ya kumigodi ku Rustenburg. Anabwera kunyumba ndi chifuwa cha fumbi komanso nthawi yambiri yosowa nayo chochita. Mwana wathu mmodzi yekhayo, Yonela, anali atangomaliza mayeso a sekondale. Tsiku lina ndikuchokera kumsika ndinapeza tenti yobiriwira, yakale ndithu, itaimikidwa pabwalo, bambo ndi mwana ali m'kati akuseka.

"Ndagula kwa mzungu wina amene akusamuka," anatero Mongezi atasuzumira panja. "Chaka chino za msana sindimva. Mwanayu afike pokwatiwa asanaone nyanja?"

"Galimoto yathu singakafike, bambo a Yonela. M'tauni momwemuno imafika ikutsokomola."

"Ndalankhula kale ndi achimwene a Velile. Tikwera minibasi yawo, mabanja onse awiri. Ndadabwa kumva kuti Lonwabo nayenso sanaionepo, chonsecho kwawo magalimoto ali mbwee."

Velile ndi mwamuna wa Thobeka, ndipo Lonwabo ndi mnyamata wawo, msinkhu umodzi ndi Yonela. Dzinalo litatchulidwa ndinamva malovu akuwawa m'kamwa. Ndinalowa m'nyumba n'kuyamba kutsuka mbale zotsukatsuka kale.

2

Tinanyamuka Lachisanu m'mawa. Minibasi inadzaza ngati tikusamuka: matenti awiri, matilesi, mapoto, bokosi la ayezi lodzaza nyama ya nkhosa, ndi zigubu khumi ndi chimodzi zopanda kanthu. Zigubuzo zinali za anthu oyandikana nawo ndi amayi akutchalitchi. Kwathu ukangoti ukupita kunyanja, aliyense amabwera ndi chigubu chake kuti ukamutungire madzi amchere, ena osamba pochotsa minyama, ena omwa kuti asanze. Njira yonse zinkangogundana kumbuyo, phokoso lake lolowa m'mano.

Alamu anga a Velile ali ndi maminibasi asanu ndi anayi, ndipo sungakhale nawo mphindi zisanu osadziwa zimenezo. Ku Ngcobo anaimitsa galimoto, nagula mutu wa nkhosa wophika n'kuuika pamiyendo. Ankayendetsa ndi dzanja limodzi, linalo akukolowolera diso la nkhosayo, mafuta akuyenderera mpaka m'chigongono, iye n'kumapukutira pampando. Mawindo anakana kutsegula, ati fumbi liwononga galimoto. Mpaka lero ndikamva fungo la mutu wa nkhosa ndimachita nseru.

"Tolo wamng'ono, landira lilime," anatero akuponyera Lonwabo kumbuyo. Tolo ndi chiwongo chawo, ndipo mnyamatayo sankamuitana ndi dzina lina. "Idya unenepe, mwezi wa Juni ukupita kuphiri kukadulidwa, ukabwereko uli mwamuna. Ndipha ng'ombe ziwiri. Iwe Mongezi udzabwere, udzaone mmene timachitira ife obereka amuna."

"Tidzabwera, achimwene," anayankha mwamuna wanga.

"Udzanyamule mbale yaikulu. Kwanu kwa a Miya phwando lotere simudzaliona, pokhapokha Yonela atamera ndevu."

Anaseka mpaka kutsamwa, ndipo Thobeka anaseka nawo. Ine ndinamwetulira, monga ndinkachitira pa Khirisimasi iliyonse ndi paukwati uliwonse nthabwala yomweyi ikabwera. Mongezi anatembenukira kuwindo n'kumawerenga nkhosa za eni m'mapiri. Lonwabo, mwana wofatsa amene sanatengere pakamwa pa m'nyumba mwawo, anadula lilime lija pakati n'kupatsako Yonela.

Ku Mthatha tinaima pothira mafuta. Ndinamutsatira Thobeka kuchimbudzi cha akazi, kumene pansi panali madzi olowa m'nsapato, ndipo sindinafune kudziwa kuti ndi madzi anji. Iye anaima pagalasi akudzipaka zofiira m'milomo.

"Achemwali, za ana aja mwaganiza zotani?"

"Ana ati?"

"Musandipusitse. Amayi anati asadzaponde m'nyanja tisanachite zija."

"Amayi ali m'manda, Nolitha. Ukufuna uwatsatire ndi nkhawa zakozo?" Anapukuta mano ndi chala. "Tseka pakamwa masiku atatu okha. Wakhala ukutseka zaka zonsezi, lero chavuta n'chiyani?"

"Nanga akalowa?"

"Alowa, asamba, atuluka. Tandigwirira chikwamachi."

Ndinamugwirira. Moyo wanga wonse ndakhala ndikumugwirira zikwama mkazi ameneyu.

3

Tinafika ku Port St Johns dzuwa likuswa mtengo. Pamalo oimika matenti anthu anali atadzaza kale, wayilesi iliyonse ndi nyimbo yake, ndiye ife tinapatsidwa kona ya pafupi ndi zimbudzi. Zinalipo zisanu ndi chimodzi, zogwira ntchito ziwiri. Mphepo ikatembenuka unkachita kupuma ndi pakamwa.

Mongezi ndi Lonwabo anaimika matenti, Velile akulamula ali pampando, botolo lili m'manja. Ayezi yense anamuchotsa m'bokosi la nyama n'kumuthira m'ndowa ya mowa wake.

"Alamu, nyamayo iwonongeka ndi kutenthaku," ndinatero.

"Nkhosa ya m'khola mwanga siola, alamu. Imaola ndi ya m'sitolo imene mumadya inu."

Ndinamusiya. Maso anga anali pa awiri aja, atagwada pamodzi pachikhomo cha tenti, Mongezi akumuonetsa mnyamatayo kamangidwe ka mfundo ya kumigodi imene simasuka. Lonwabo anangoona kamodzi n'kuimanga. Mongezi anabwera kudzamwa madzi pamene ndinali, akupukuta thukuta.

"Mwana uyu ali ndi manja abwino," anatero motsitsa mawu. "Achimwene sadziwa mwayi umene ali nawo."

Ndinamupatsa kapu osamuyang'ana kumaso.

Dzuwa litapendeka tinatsetsereka kukaona nyanja. Opulumutsa anthu anali atakweza mbendera yofiira, kusonyeza kuti tsikulo palibe kusambira, ndipo ndinathokoza Mulungu chamumtima. Yonela anaima kukamwa kuli yasa, nsapato zili m'manja. Pafupi nafe panali mayi wina ndi ana awiri aang'ono ofanana nkhope, ovalanso zofanana. Anawapatsa aliyense ndalama yachitsulo yoyera, ya marandi awiri, nawauza kuti aponye m'madzi. Kenaka anawerama n'kuyamba kulankhula ndi nyanja.

"Akutani amenewo, bambo?" anafunsa Yonela.

"Ndi mapasa," anatero Mongezi. "Mapasa ndi anthu a m'madzi. Asanalowe m'nyanja amayamba aponya ndalama yoyera, wamkulu n'kutchula chiwongo chawo, kuti awa ndi ana a uje, abwera kudzacheza chabe, musawatenge. Akapanda kutero nyanja imawaitana."

"Aa, bambo aang'ono, inunso mumakhulupirira zimenezo?" Lonwabo anaseka.

"Usaseke. Msuweni wanga Mlamli anali wamapasa. Analowa ku East London osaponya kanthu, madzi ofika m'chiuno okha, anzake ali pambali pake. Tinamupeza patatha masiku anayi, nkhanu zitamudya nkhope."

Velile anageya n'kunena kuti nyanja imatenga zidakwa, osati mapasa. Ine ndinayang'ana Thobeka. Iye ankajambula mafunde pafoni, akufunafuna poima kuti diresi lake lioneke bwino.

"Mbendera ikangosintha tilowa, eti Lonwabo?" anatero Yonela. "Tikatungiretu ndi madzi a anthu aja."

4

Loweruka mbendera inali yofiirabe, koma opulumutsa anthu anati mphepo ikugwa, Lamulungu kudzacha bata. Tsiku lonse ndinkangozungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. Ndinamuuza Mongezi kuti tibwerere, ndakumbukira kuti khomo lakumbuyo sindinakiye. Anati anakiya yekha. Ndinamuuza Yonela kuti nyanja ya kuno ili ndi nsomba zodya anthu. Anati akasamba pakati pa mbendera, pamene pali oyang'anira, ndipo anandipsompsona pamphumi ngati ndine gogo wosokonezeka.

Cha m'ma 3 koloko ndinatsegula bokosi lija kuti ndiphike. Fungo linandimenya kumaso. Nyama inali itayamba kubiriwira m'mbali, yoterera ngati therere, ikusambira m'madzi a thovu. Munthu wabwinobwino akanaimanga m'pepala n'kukaitaya kutali. Ine ndinaima pamenepo, mphuno nditatseka ndi duku, ndipo maganizo anandibwerera bwinobwino ngati munthu akundinong'oneza: wotsegula m'mimba sapita kukasambira. Tikadwala tonse, mawa tipakira katundu n'kubwerera kwathu, ana osaponda madzi.

Ndinaitsuka katatu ndi viniga. Ndinasenga mobiriwira monse, ndinathira anyezi, adyo, tsabola ndi zokometsera zonse zimene ndinanyamula, ndipo pamoto sindinaisiye nthawi yaitali. Ndinapakula ndi manja angawa. Ndinamupakulira mwamuna wanga wodwala chifuwa, ndinamusankhira chidutswa chachikulu monga mwa masiku onse. Velile anadya mbale zitatu, akunyambita zala, nanena kuti lero lokha alamu aphika ngati mkazi. Inenso ndinadya kuti pasadzakhale wondiloza chala, chidutswa chilichonse ndikumezera madzi.

Mbale ziwiri zinatsala zovundikira.

"Ana aja ali kuti?" ndinafunsa.

"Ndawauza akadye tchipisi ndi nsomba kumsewu," anatero Mongezi. "Asiyeni, ndi tchuthi chawo."

Anabwera atakhuta, milomo ili ndi mafuta, akukangana za amene wadya nsomba yaikulu. Nyama yanga sanaivundukule n'komwe.

5

Za m'mawa wa Lamulungu sindifotokoza zonse, mwina mukuwerenga mukudya. Akuluakulu anayi, zimbudzi ziwiri, ndi mzere wa anthu ena makumi angapo. Velile sanathe kudikira mzere. Anathamangira kuseri kwa minibasi yake yomwe, ndipo ntchentche za pamsasa ponse zinasamukira kumeneko. Mongezi anali mbuu, milomo itauma, ndipo titakumana pamzere anandigwira paphewa n'kundipepesa kuti wandibweretsa kodzavutika. Ankandipepesa ine.

Nditabwerako ulendo wachinayi ndinaona kuti zigubu palibe. Matawulo a ana pachingwe panalibenso. Thobeka anali chigonere m'tenti mwake, nsalu yonyowa ili pamphumi.

"Ana ali kuti?"

"Apita kukatunga madzi. Mbendera yasintha."

"Ndipo mwawalola?"

"Usandikuwire, mutu ukundiwawa. Za Lonwabo ndathana nazo kale. Dzulo ndinamutengera kumiyala uko, ndinamupatsa ndalama yoyera, ndinamuuza kuti aponye kuti mayeso adzakhoze. Mawu aja ndinanong'ona ndekha."

"Munatchula chiwongo cha yani?"

"Cha Tolo, nanga cha yani?"

"Mukudziwa kuti zimenezo sizigwira. Nanga Yonela?"

Anachotsa nsalu pamphumi n'kundiyang'ana ngati ndafunsa za mwana wa munthu wodutsa.

"Yonela ndi wako. Aliyense asamale wake."

Ndinabadwa naye mimba imodzi mkazi ameneyu, ndinayamwa bere limene anasiya iye, koma panthawi imeneyo akanakhala chinthu cha pansi ndikanamulambalala kuopa kudetsa phazi.

Ndinathamanga, m'mimba mukupotokola. Mongezi anandiona akuchokera kumzere, nanditsatira akundiitana. Sindinafike kugombe ndi zovala zoyera. Anthu ankandipatukira atagwira mphuno, ana akundiloza, koma sindinaime.

Ndinawaona. Zigubu anali atazisiya pamchenga. Anali atagwirana manja, madzi ali m'mawondo, akudikira funde lalikulu limene linkabwera.

"Yonela! Lonwabo! Tulukani, ndinu mapasa!"

Anatembenuka onse. Funde linawamenya kumsana n'kuwagwetsa, ndipo kwa kanthawi ndinangoona thovu lokha. Kenaka anadzuka akutsokomola, mchenga uli m'tsitsi, nabwera kumtunda. Kumbuyo kwanga ndinamva kupuma kwa Mongezi, kuja kolira ngati likhweru.

"Mwati chiyani, mayi a Yonela?"

6

Ndinafotokoza pomwepo, ndili chiimire m'zonyansa zanga, anthu atatizungulira.

Chaka chimene anabadwa ana aja, ine ndi Thobeka tinali ndi pakati tonse, ndipo tinapita kukadikirira kwa mayi athu kumudzi, ku Cala. Mongezi anali kumigodi. Mimba ya Thobeka inachoka ili ndi miyezi isanu ndi iwiri, kachitatu kameneko, ndipo Velile anali atanena kale kuti ikachokanso imeneyi mkaziyo asabwerere kunyumba kwake. Thobeka sanauze munthu wakunja. Anapitiriza kumanga nsanza pamimba n'kumayenda atagwira m'chiuno. Ine kusikelo ndinangopitako kamodzi, ndiye sindinkadziwa kuti ndanyamula awiri. Ndinachirira m'nyumba ya mayi, mvula itadula msewu, ndipo anabadwa ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna.

Mayi anati Mulungu waona nyumba ziwiri, n'chifukwa chake watumiza ana awiri. Thobeka anagwada pansi akulira, atandigwira mapazi. Ndinali wotopa, ndinali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, koma musandikhululukire ndi zimenezo, poti ndinamva zonse ndipo ndinavomera ndi pakamwa panga. Patapita masiku anayi tinalengeza kuti nayenso Thobeka wachira, mwana wamwamuna. Kwa Mongezi ndinatumiza uthenga woti Mulungu watipatsa mtsikana. Kuyambira pamenepo sindinatengenso pakati.

Mongezi sanandimenye, sanakuwe. Anamuyang'ana Lonwabo nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kumene chala chachiwiri chimaposa chachikulu ngati mapazi ake omwe. Kenaka anapisa m'thumba la kabudula n'kutulutsa ndalama ziwiri zoyera.

"Ponyani."

Ana anaponya osafunsa. Iye anavula chipewa, analowa m'madzi pang'ono, nalankhula ndi mawu amene sindinawamvepo chikwatirane.

"Ndine Miya. Awa ndi ana anga, onse awiri. Sindinkadziwa, n'chifukwa chake ndachedwa. Musawatenge."

Ndi pamene anafika Velile atagwira pamimba, Thobeka ali pambuyo pake. Munthu wina anali atakawauza kuti m'bale wanu wapenga kugombe. Mayi wina wosadziwika, wa pakamwa pothamanga, anawafotokozera zonse asanafunse n'komwe. Ndinadikira kuti Velile agwe pansi, kapena amugwire mkazi wake pakhosi. Iye anangolavula pamchenga.

"Ndiye phokoso lonseli n'limeneli? Ine ndinadziwa mwana ali ndi miyezi itatu. Mkazi wochira amatuluka mkaka, uyu mawere anali ouma. Ndinamupanikiza mpaka anaulula."

"Munkadziwa, achimwene?" anafunsa Mongezi pang'onopang'ono.

"Ndamulera ndine. Mbuzi yomuonetsera kwa makolo ndinapha ndine. Ndi Tolo ameneyu."

"Zaka zonsezi mukundiseka kuti ndilibe mwana wamwamuna, munkadziwa?"

"Nanga unali naye?" anatero Velile, ndipo anayamba kuseka, koma mimba inamudula chiseko.

Ndinasanza pomwepo, ndipo sinali nyama ija yokha. Ndinakumbukira kangati ndinamwetulira nthabwala imeneyo ndikumuthirira tiyi munthu ameneyu, ndikumumvera chisoni kuti akunyadira mwana wa mwini osadziwa. Chonsecho iye ankadziwa, mkazi wake ankadziwa kuti akudziwa, ndipo ankabwera patebulo panga kudzamunyogodola mwamuna wanga ndi mwana wake yemwe. Ndinayang'ana Thobeka. Ankakonza duku lake, nkhawa yake ili pa anthu amene ankatijambula pamafoni.

Lonwabo anatembenuka. Anayamba kuyenda m'mbali mwa madzi, osathamanga. Yonela anatsala, madzi akudontha m'tsitsi.

"Amayi, anasankha ndani?"

"Kusankha chiyani, mwananga?"

"Woti apite ndi woti atsale."

"Mayi ako aakulu."

"Anatiyang'ana tonse awiri?"

"Eya."

"Ndiye ine ndinatsala ndi inu chifukwa mtsikana sakanawathandiza."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiname, koma mabodza anali atanditheratu. Yonela anagwedeza mutu. Anatola thawulo lake, anandimanga nalo m'chiuno kuti anthu asiye kundiona kumbuyo, kenaka anatsatira mlongo wake.

7

Tinabwerera tsiku lomwelo, koma osati galimoto imodzi. Ife atatu tinakwera basi yodzera ku Mthatha, aliyense pampando wake. Tenti yobiriwira tinaisiya ili chiimire.

Panopa ndikukhala ku Cala, m'nyumba ya malemu mayi, ndipo ndimagona m'chipinda chomwe chija. Mongezi sanandithamangitse. Anangosiya kudya chakudya chophika ine, osadziwa n'komwe za nyama ija, ndipo patatha mwezi ndikuona mbale zikubwerera zodzaza ndinalongedza ndekha. Yonela anakhoza mayeso, koma ndinamvera kwa anthu. Akuluakulu a kwa Miya ndi a kwa Tolo akhala pansi katatu osamvana. Juni anadutsa Lonwabo osapita kuphiri, poti palibe akudziwa kuti akatchule makolo ati. Anzake onse anabwerako ali amuna, iye akadali mnyamata, ndipo kwathu chimenecho si chinthu chaching'ono. Anachoka kwa Velile, akukhala kwa mnzake ku East London, akutsuka magalimoto. Thobeka amauza anthu kutchalitchi kuti ndinamupasulira banja chifukwa cha nsanje, ndipo anthuwo amamupempherera.

Inu amene mukuwerenga, ndikudziwa kuti ena mukuti za mapasa ndi nyanja ndi zikhulupiriro chabe, ndikanakhala chete ana akanasamba n'kutuluka bwinobwino. Mwina n'zoona. Koma sindidandaula kuti ndinakuwa, ndipo pa zonse zimene ndachita ndi chokhacho chimene sichindinyansa. Chimandinyansa ndi kumwetulira kuja. Ngati m'nyumba mwanu muli munthu amene akusekedwa chifukwa cha bodza limene mukulisunga inu, ndipo mumaseka nawo kuti musaonekere, musadzitche wosunga mtendere monga ndinkadzitchera ine. Ndinamanga ukwati wa mkulu wanga ndi mwana wa mwamuna wanga, mwini wake osamufunsa, ndipo ndinagona pambali pake zaka zonsezo ndikumumva akuusa moyo.

Sabata yatha foni inalira masana ndikuchapa. Anali Lonwabo. Moni sanapereke, ndipo ndinamva kuti akusowa ponditchula.

"Ndi ine," anatero. "Ndikufuna kufunsa chinthu chimodzi. Musandinamize."

"Funsa."

"Anayamba kubadwa ndani?"

"Iwe. Yonela anabwera patatha theka la ola."

"Ndinalira?"

"Kwambiri. Unasiya nditakuika pabere."

"Ndiye munandiyamwitsako."

"Masiku anayi."

Ndinkamva magalimoto akudutsa kumene anali, ndi munthu wina akumuitana kuti abweretse ndowa. Kenaka anati chabwino, nadula. Sanaimbenso, koma foni ndikuyenda nayo m'thumba la epuloni ngakhale popita kotunga madzi.